Corolla yanga ndi mpweya wokakamira m'radiyeta

Loweruka, 4 Okutobala

Ndayamba kulemba izi chifukwa mutu wanga ndimaudziwa. Pakatha mwezi ndidzakhala nditaiwala kuti ndinamasula chiyani, ndinathira malita angati, ndinalakwitsa pati. Galimoto yake ndi Toyota Corolla NZE121 ya 2004, injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5, yomwe ndinagula kwa munthu zaka zitatu zapitazo. Yandinyamula osawiringula mpaka Lachinayi lapitali.

Tsikulo ndinali pa mzere wa petulo kuyambira m'mawa. Dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Kuliza, kusendera pang'ono, kuimanso, injini ikungolira pamalo amodzi. Cha m'ma 1 koloko ndinangomva phuu! nthunzi tolotolo kutuluka m'mbali mwa boneti. Hosi yapamwamba ya radiyeta inali itang'ambika pafupi ndi kilampu. Anyamata ena omwe anali pompo anadikira kuti injini izizire, anadula mbali yong'ambikayo, kukokera yotsalayo pakamwa pa radiyeta, kumanganso, n'kuthira madzi a m'chigubu. Ndinafika kunyumba, ndipo ndimawathokoza.

Koma chiyambire tsikulo galimoto yasintha khalidwe. Muvi wa geji ya kutentha, umene unkakhala m'munsi nthawi zonse, tsopano ukukwera n'kutsika ngati ukufunafuna pokhala. Kuseri kwa dashibodi kukumveka gulugulu ngati m'mimba mwa munthu amene sanadye. Ndikatsegula hita, mphepo ikubwera yozizira ngakhale injini itatentha.

Lero ndinapita kwa Biwi ndipo ndagula mahosi awiri a radiyeta, wapamwamba ndi wapansi, makilampu atsopano, thermostat ndi mphira yake, chivindikiro cha radiyeta cholembedwa 1.1 ngati chakalecho, kulanti (mankhwala othira m'madzi oziziritsa injini) wofiira wosasungunula, ndi madzi a batire oti ndisungunulire. Wogulitsa anadabwa kuti madzi a batire ochuluka chonchi ndi a chiyani. Madzi a pa mjigo wa kwathu kuno amasiya choko choyera m'ketulo pakangotha masabata awiri. Chimene amachita m'ketulo ndi chimenenso amachita m'timachubu ta radiyeta.

Lamulungu, 5 Okutobala, madzulo

Nditabwera kutchalitchi ndinasintha zovala n'kuyamba. Injini inagona usiku wonse, inali yozizira. Ndinatchera beseni pansi, kumasula kapulagi kapulasitiki kamene kali m'munsi mwa radiyeta, n'kutsegula chivindikiro kuti madzi atsike bwino. Zomwe zinatuluka zinali zofiirira ngati madzi a mtsinje wa Lingadzi mvula itangogwa kumene. Dzimbiri lokhalokha. Kulanti munalibemo ngakhale fungo lake.

Kenako ndinatsata hosi yapansi mpaka pamene imalumikizana ndi injini, chifukwa pa 1NZ-FE thermostat imakhala pamenepo, polowera madzi. Ndinamasula manati awiri, kukoka chigoba chake, n'kusuzumira. Mbee! Mulibe kanthu. Zaka zitatu ndakhala ndikuyendetsa galimoto yopanda thermostat, n'kumanyadira kuti yanga sitentha.

Alamu anga, amene anabwera kudzandigwirira tochi ndi kudzandiuza zochita, anati: "Alamu, ameneyo anakuchitirani zabwino. Kachitsulo kameneko n'ka kumayiko a chisanu. Kuno ku Malawi timangokataya." Mawu amenewa ndawamva m'magalaja ambiri, ndipo ndimakana. Thermostat ntchito yake ndi kutseka njira yopita ku radiyeta mpaka injini itafika pa kutentha kumene inapangidwira, kenako kumatsegula ndi kutseka pang'onopang'ono kuti kutenthako kukhazikike. Yomwe ndagula yalembedwa 82, kutanthauza kuti imayamba kutseguka cha pa madigiri 82. Ikachotsedwa, injini imachedwa kutentha, kompyuta yake imaona ngati kukadali m'mawa n'kumapitiriza kuthira petulo wambiri. Ndi mmene petulo akuvutiramu, ndinangogwira mutu kuganiza malita amene ndawotcha pachabe. Komanso amene amachotsa thermostat kawirikawiri amakhala akubisa matenda ena, radiyeta yotsekeka kapena fani yosagwira bwino ntchito.

Pa thermostat yatsopanoyi pali kabowo kakang'ono m'mphepete, ndipo m'kabowomo muli kachitsulo kogwedera. Ukaigwedeza kamalira tchekete tchekete. Kameneko ndi kotulutsira mpweya pothira madzi, ndipo kayenera kuyang'ana kumwamba, pa 12 koloko. Ukakaika pansi, mpweya umene umakwera mwachibadwa umasowa potulukira. Ndinaonetsetsa kawiri ndisanatseke. Manati ake ndi ang'onoang'ono, safuna mphamvu za m'munda.

Ndatsuka radiyeta ndi injini katatu mpaka madzi atayamba kutuluka oyera. Mahosi atsopano alowa. Kwada, kuthira ndi mawa.

Lolemba, 6 Okutobala, usiku

Ndinaweruka mochedwa, kufika kunyumba magetsi atathima. Ndinasakaniza kulanti ndi madzi a batire theka kwa theka, kuthira mofulumira tochi ya foni ili kukamwa, kuona kuti afika pakhosi pa radiyeta, kutseka, kudzaza botolo lapambali, losungira kulanti wosefukira ku radiyeta, mpaka pa mzere wa F. Ndinaliza injini mphindi zisanu, muvi sunakwere, ndinazimitsa.

Chinthu chimodzi chikundisowetsa mtendere. M'beseni dzulo munatuluka madzi ambiri kuposa amene ndathira lero, kusiyana kwake kupitirira lita imodzi. Ndaziona, koma ndatopa.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Kuthamanga si kufika. M'mawa popita kuntchito, pa mdipiti wa magalimoto pafupi ndi mlatho wa Lilongwe, muvi unanyamuka pakati n'kuyamba kulunjika kofiira ndikuona ndi maso. Ndinapatukira pambali, kuzimitsa, kutsegula boneti. Hosi yapamwamba inali yotentha yosagwirika. Yapansi inali yozizira ngati galimoto sinayende n'komwe. Mnyamata wina wogulitsa madzi anafika kale ndi nsanza m'manja kuti atsegule chivindikiro. Ndinamugwira dzanja. Radiyeta yotentha satsegula. Madzi a mkatimo amakhala atapitirira pamene amawira, chikuwaletsa ndi kupanikizika kokha, ndipo ukangotsegula amawira nthawi imodzi n'kukuthovukira kumaso. Ndinakhala pa mwala pafupifupi ola lathunthu. Nditatsegula, m'radiyeta simunkaoneka madzi.

Lita ija yomwe inakana kulowa dzulo, malo ake anali atakhalamo mpweya.

Ndiziika pano kuti ndisadzaiwale chifukwa chake mpweya pang'ono umasokoneza zonse. Pampu ya madzi inapangidwira kukankha madzi, ndipo ikakumana ndi thumba la mpweya imangozungulira popanda chogwira. Mpweya umathawira malo okwera, ndipo malo okwera mu injini ndi m'silinda hedi, pamene moto umayakira, komanso m'karadiyeta ka hita kuseri kwa dashibodi. Pamene pakhala mpweya, chitsulo sichikhudzana ndi madzi, ndiye chimapsa chokha. Hedi ya injini imeneyi ndi ya aluminiyamu, sichedwa kupindika. Thermostat nayo imatseguka ndi phula lomwe lili m'kati mwake likasungunuka, ndipo phulalo limafuna kumizidwa m'madzi otentha. Ngati madzi otenthawo sakuifikira, imangokhala chitsekere, n'chifukwa chake hosi yapansi inali yozizira. Choopsa kwambiri ndi sensa ya kutentha: ikakhala mu mpweya imanama. Ikhoza kukuuza kuti zonse zili bwino hedi ikupsa, kenako madzi otentha akaiwaza, muvi n'kulumpha.

Ndinathira kulanti amene ndinali naye m'buti, kubwerera kunyumba pang'onopang'ono, n'kukwera minibasi.

Lachitatu, 8 Okutobala, madzulo

Lero ndachita zimene ndikanachita Lolemba. Kutulutsa mpweya kumeneku amakaniko amati kubulida, monga amanenera pa mabuleki.

Pakhomo pathu pali kamtunda kolowera pageti. Ndinaimika galimoto mphuno itayang'ana kumtunda, handibuleki, miyala kumatayala akumbuyo. Cholinga n'choti pakamwa pa radiyeta pakhale pamwamba kuposa china chilichonse chimene madzi amadutsamo, kuti mpweya ukamafuna kokwera uzibwera komweko.

Fanelo yogula ndilibe. Ndinatenga botolo lapulasitiki la malita awiri, kulidula kumatako, kukulunga legeni pakamwa pake mpaka litakwana thinathina pakhosi pa radiyeta, n'kulizika chadodolido. Poyamba linkadontha, ndinawonjezera legeni. Hosi yaing'ono yopita ku botolo lapambali ndinaipinda n'kuimanga kuti kulanti asathawireko. Ubwino wa botolo loonekera mkati ndi woti thovu lililonse umaliona likukwera.

Ndinathira pang'onopang'ono nthawi ino, kamtsinje kochepa ngati pothira mafuta ophikira m'supuni, mpaka kulanti ataima m'botolomo pafupifupi zala zinayi. Injini isanalire ndinayamba kufinya mahosi, wapamwamba kenako wapansi, kufinya n'kusiya, kufinya n'kusiya. Kufinya kulikonse, bwu bwu bwu, mathovu akuluakulu ngati mazira a nkhunda, kulanti n'kutsika. Ndinawonjezera kanayi ndisanagwire n'komwe kiyi.

Kenako hita ndinaiika pa kutentha kotheratu, fani yake pa 1, AC yozimitsa. Pa magalimoto ena kuika pa kutentha kumatsegula valavu yolola madzi kulowa m'karadiyeta ka hita. Pa ena madzi amadutsamo nthawi zonse. Mulimonsemo zimathandiza, chifukwa mphepo yotuluka m'dashibodi ndi imene imakuuza ngati madzi afikako. AC amazimitsa chifukwa ikayaka imayatsa fani ya radiyeta nthawi yosakwana, ndipo sungadziwe ngati fani yazungulira chifukwa cha kutentha.

Ndinaliza nthawi ili 5:10. Mwana wanga wamkulu ndinamukhazika pa mpando wa dalaivala kuti aziyang'ana muvi ndi kuika dzanja pa hita.

Mphindi khumi zoyamba panalibe chochitika chenicheni. Timathovu apa ndi apo. Kulanti anayamba kukwera m'botolo chifukwa madzi akatentha amafufuma. Apa ndi pamene Lolemba ndinazimitsa n'kukagona. Thermostat inali isanatseguke, ndiye madzi ankangozungulira m'kati mwa injini, mpweya uli phee m'malo mwake.

5:26, mwana anakuwa: "Adadi, hita yayamba kufunda!" Kenako anati yazizanso. Ndinamuuza aponde aksileleta mpaka muvi wa injini ufike pa 2,500, agwire pamenepo masekondi khumi, asiye. Tinabwereza kasanu. Ulendo wachitatu kunamveka gulugulu wamphamvu kuseri kwa dashibodi ndipo m'botolo munatuluka mathovu motsatizana ngati mphika wa nyemba. Kuchokera apo hita inatentha osasinthanso.

5:34 ndi pamene ndinaona chimene ndinkadikira. Dzanja langa linali pa hosi yapansi, ndipo ndinamva kutentha kukuyenda m'kati mwake kuchokera mbali ya radiyeta, pang'onopang'ono ngati munthu akulowetsa dzanja m'malaya. Nthawi yomweyo kulanti yense wa m'botolo anamira, gwa! mpaka pansi. Thermostat yatseguka. Ndinali nditagwira kale chigubu, ndinathira msanga kuti botolo lisaume n'kukokanso mpweya. Thovu limodzi lalikulu linabwera mochedwa n'kundithovulira kulanti wotentha pa dzanja. Pali kachilonda, si kwambiri. Ulendo wina magolovesi.

Fani ya radiyeta inayamba kuzungulira 5:47, inasiya patapita kanthawi, inayambanso 5:55. Ndinadikira maulendo awiriwo dala. Manja ndi nsanza kutali ndi fani imeneyi, imayamba yokha osachenjeza. Pofika 6 koloko mathovu anali atatha. Ndinazimitsa, kusiya botolo lili pompo kuti injini pozizira izikoka kulanti m'malo mwa mpweya. Itazizira ndinachotsa botolo, kutseka ndi chivindikiro chatsopano, kumasula hosi yaing'ono ija, n'kuika botolo lapambali pa F.

Kulanti amene anatayikira pansi ndinamukwirira ndi mchenga n'kuwola. Mankhwala ake, ethylene glycol, amatsekemera ndipo ndi poizoni woononga impso. Galu wathu anali atayamba kale kununkhiza.

Pamodzi ndi wa dzulo uja, walowa kulanti wopitirira lita imodzi ndi theka pamwamba pa wa Lolemba. Petulo wapita wa mphindi 50 galimoto ili chiimire, mtima ukuwawa.

Lachisanu, 10 Okutobala

Lachinayi galimoto inayenda bwino, kupita ndi kubwera. Muvi unakhazikika pang'ono kunsi kwa pakati. Koma m'mawa wa lero nditatsegula radiyeta ili yozizira, kulanti anali atatsika, timachubu tapamwamba tikuonekera. Botolo lapambali linali litakwera kupitirira F. Popita kuntchito gulugulu uja anamvekanso, wapansipansi.

Alamu pa foni sanachedwe: "Ndinakuuzani. Gasiketi imeneyo. Inapsa tsiku la pa mzere lija." Ndinazizidwa nkhongono, chifukwa zikhoza kutheka. Gasiketi ya hedi ikapsa, utsi wa m'silinda umalowa m'njira za madzi, ndipo ungabulide mpaka Khirisimasi mathovu osatha.

Ndinayang'ana zimene munthu angayang'ane pakhomo. Pansi pa chivindikiro cha oyilo palibe zoyera zonga chambiko. Oyilo pa dipisitiki ndi wakuda bwinobwino, sanachuluke. Ku ekizozi sikukutuluka nthunzi yoyera yonunkhira motsekemera injini ikatentha. Ndinamasula mapulagi onse anayi: onse ofanana mtundu, palibe imodzi yoyera mbuu ngati yotsukidwa, chomwe chimachitika madzi akamalowa m'silinda. Ndinaliza injini yozizira n'kugwira hosi yapamwamba. Ikanauma gwa m'mphindi imodzi, madzi asanatenthe, bwenzi ndikudziwa kuti utsi ukulowa. Inali yofewa.

Masana ndinapita nayo kwa bambo wina wachikulire amene amakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango, munthu wosalankhula zambiri. Ali ndi kachipangizo kagalasi kamene amaika pakamwa pa radiyeta, m'kati muli mankhwala a buluu. Amapopa mpweya wa m'radiyeta kudutsa m'mankhwalamo injini ikulira, ndipo ngati muli utsi wa m'silinda, buluu uja amasanduka wachikasu. Anapopa, anapopa, ine mtima uli m'mwamba. Buluu anakhalabe buluu. Kenako anaika pampu yoyezera kupanikizika, kupopa mpaka pa mlingo wa chivindikiro, n'kudikira mphindi khumi. Muvi wake sunatsike. Palibe podontha.

Anakhala chete akuyang'ana injini, kenako anafunsa: "Bwana, mwati botolo lapambalili likukwera koma osatsika?" Ndinavomera. Anagwira hosi yaing'ono ija yochokera pakhosi pa radiyeta kupita ku botolo, n'kuipinda pafupi ndi pamene imalowera. Inayasamula. Mng'alu wautali ngati chikhadabo, kunsi kwake kumene diso silifika. Mphira yake inali youma kale ndi ukalamba, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinaimaliza ndine Lachitatu poipinda ndi kuimanga.

Anandifotokozera chivindikiro chili m'manja, akundionetsa ndi chala. Chivindikiro cha radiyeta chili ndi mavalavu awiri. Yaikulu ya sipuling'i imatseguka kupanikizika kukapitirira mlingo, n'kulola kulanti wofufuma kupita ku botolo lapambali. Yaing'ono yapakati imatseguka injini ikamazizira, madzi akamabwerera m'chimake, kuti radiyeta iyamwe kulanti uja kuchokera ku botolo. "Ndiye taganizani mukumwa thobwa ndi kapaipi koboola pakati," anatero. "Mukoka chiyani?" Usiku uliwonse radiyeta yanga imayamwa mpweya pa mng'alu uja, kulanti n'kutsala ku botolo. Pampu yoyezera sikanaona zimenezi chifukwa hosi imeneyi ili kunja kwa chivindikiro.

Ndinawafunsa za thermostat, ngati ndinalakwa kuibwezera. Anangoti, "Anaipanga ndi misala?" n'kupitiriza kupukuta manja.

Loweruka, 11 Okutobala

Hosi yaing'ono yatsopano, kutalika kwake kosakwana mkono, ndi timakilampu tiwiri. Pa zonse zimene ndagula sabata ino, iyi ndiye yotchipa kwambiri. Ndinatsukanso botolo lapambali, lomwe pansi pake panali matope, n'kuonetsetsa kuti njira yake yokokera kulanti ndi yotseguka mpaka pansi.

Ndabulidanso monga Lachitatu, pa kamtunda komweko, botolo lomwelo. Nthawi ino hosi yatsopano sindinaipinde, ndinaichotsa n'kutseka kamlomo kake ndi kachidutswa ka hosi yakale kotsekedwa ndi bawuti. Mpweya unali wochepa, mathovu anatha fani isanazungulire kachiwiri, koma ndinadikirabe.

Lamulungu, 12 Okutobala

M'mawa, injini yozizira: radiyeta yodzaza mpaka pakhosi, botolo lapambali latsika chala chimodzi kuchoka pa F. Ndi zimene ndimafuna kuona. Kutsika kumeneko ndiye kuti radiyeta yayamwa kulanti kulowa m'malo mwa timpweya totsalira. Ndawonjezera n'kulemba mzere ndi cholembera pa botolo.

Masana tinapita ku Dedza kukaona apongozi, makilomita opitirira 80 pa M1, anthu anayi ndi thumba la ufa m'buti. Ndinasankha dala ulendowu chifukwa ukangodutsa Linthipe msewu umayamba kukwera. Lilongwe ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, Dedza cha m'ma 1,600. Kukwera kumeneku kumatsitsa mlingo umene madzi amawira: m'malo mwa madigiri 100, ku Lilongwe amawira cha pa 96 kapena 97, ku Dedza cha pa 95. Injini ikamakoka pa mtunda kutentha kwake kumafika pafupi pomwepo. Chimene chimapulumutsa ndi chivindikiro cha 1.1 chija, chomwe chimapanikiza madzi kuti asawire mpaka cha m'ma 120. Amene amayenda ndi chivindikiro chotha mphira, kapena chotsekera ndi nsanza monga ndinaonera pa minibasi ina, alibe malo othawira.

Muvi sunasunthe. Pa zitunda ndinayatsa AC dala, sunasunthebe. Titafika ndinasiya injini ikulira pabwalo mpaka fani itazungulira n'kusiya yokha. Hosi yapamwamba yotentha, yapansi yofunda, botolo lakwera pang'ono pamwamba pa mzere wanga. Mayi a kunyumba anati ndimayang'ana geji kuposa msewu, ndipo sananame.

Lachitatu, 15 Okutobala

M'mawa utatu wotsatizana kulanti ali pa mzere womwewo. Gulugulu wasiya. Ndipitiriza kuyang'ana mpaka Lamulungu, kenako kamodzi pa sabata.

Zotsala: kulanti amene ndinathira wayamba kuda pang'ono, dzimbiri lakale likusungunukabe, ndiye mvula ikayamba ndidzakhetsa n'kuthira wina. Pansi pa pampu ya madzi ndaona kachizindikiro kofiira kouma, sindinadziwe ngati ndi kamene ndinataya pothira kapena pampu yayamba kulira misozi. Ndapukutapo, ndionanso Loweruka. Madzi akale aja ali m'zigubu ziwiri zotseka pamwamba pa shelefu m'sitolo, ndalembapo POIZONI, bambo a pansi pa mango aja anati ndiwapititsire. Mayeso enieni ndi mwezi wamawa pobwera kuchokera ku Mangochi kudzera ku Golomoti, kukwera Khwekhwerere masana galimoto itadzaza. Alamu akuti adzakwera nawo kuti adzaone okha thermostat ikundichititsa manyazi.